M'labotale ya kemisitili tikuphunzitsa ana kunama

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa kalata imene munasindikiza masabata apitawa, ya wophunzira wa chaka choyamba ku yunivesite amene amadandaula ndi phunziro la kemisitili. Iye anati maola atatu amene amakhala chilili m'labotale sabata iliyonse ndi ongotaya, popeza yankho la zimene akuyesazo lili kale m'buku, ndipo bwenzi zili bwino akuluakulu atachotsa maolawo n'kuikapo makalasi okonzekera mayeso. Mwanayo sindikumudzudzula. Walemba poyera zimene anzake amanong'onezana akamavula zovala zoyera pakhomo. Ndikuona kuti walasa pafupi ndi chilonda, koma mankhwala amene akufuna kupakapo ndi olakwika.

Ine ndagwira ntchito m'labotale yophunzitsira kwa zaka 26. Sindinali mphunzitsi ayi. Ndinali uja amene amafika anthu asanabwere, kusungunula mankhwala, kutsuka magalasi, kuimika ma burette pamzere, kenako n'kukaima kumbuyo pafupi ndi sinki kudikira woyamba kuswa kanthu. Pano ndinapuma. Munthu woima kumbuyo amaona zambiri zimene woima kutsogolo saona, ndipo chimodzi mwa izo chandikhala pamtima mpaka lero.

Amene sanalowepo m'labotale ndiwafotokozere kaye ntchito imene wophunzira aliyense wa chaka choyamba amayamba nayo, imene timaitcha titration. Umafuna kudziwa mphamvu ya asidi amene wapatsidwa. Umatenga mamililita 25 enieni a asidiyo ndi pipette, kachubu kagalasi koyezera mlingo wa madzi, n'kuwathira m'botolo la galasi la khosi lopapatiza. Umadonthezamo madontho awiri kapena atatu a phenolphthalein, amene mu asidi saoneka mtundu uliwonse, koma amasanduka pinki mphamvu ya asidiyo ikatha. Pamwamba pake pamaima burette, kachubu kagalasi kakatali kolembedwa manambala, kokhala ndi kampopi kumunsi, ndipo mkati mwake muli sodium hydroxide wosungunulidwa m'madzi, amene amathetsa mphamvu ya asidi; nambala imene ukufuna ndi mamililita ake amene alowa m'botolo mpaka mtundu utasintha. Usanayambe uyenera kuchotsa kathovu ka mpweya kamene kamabisala kunsonga, chifukwa kakatuluka pakati pa ntchito kakunamiza. Powerenga nambala, diso likhale molingana ndi pamene madzi alekezera, pajatu m'kachubu madzi amapindika pamwamba ngati mwezi wongooneka kumene, ndipo umawerenga pansi pa kupindikako. Dzanja lamanzere pa kampopi, lamanja likuzunguza botolo, pansi pake pepala loyera.

Poyamba sipachitika kanthu. Kenako pamene dontho lagwera pamaoneka kapinki, n'kuzimiririka. Lina, n'kuzimiririkanso, koma mochedwerapo. Apa ndi pamene munthu amadziwika khalidwe lake. Wopupuluma amatsegula kampopi n'kupeza botolo lonse lafiira ngati duwa, ndiye kuti wapitirira, ayambirenso. Wodekha amalola theka la dontho kulendewera kunsonga, n'kulikhudzitsa m'mbali mwa botolo, n'kulitsukira pansi ndi timadzi, mpaka pinki wotuwa kwambiri atakhala osachoka kwa masekondi 30. Dontho limodzi ndi pafupifupi mamililita 0.05 basi. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine mwambi umenewu ndinaumvetsa bwino nditaima pafupi ndi burette. Umabwereza katatu, ndipo manambala ako asasiyane kuposa 0.10.

Tsono chaka china ndinalakwitsa ineyo. Sodium hydroxide ndi mankhwala osusuka: ukasiya botolo lake lotsegula amayamwa chinyezi ndi mpweya wa carbon dioxide, moti ukayeza magalamu anayi pa sikelo, sikuti onsewo ndi sodium hydroxide. N'chifukwa chake ukasungunula umayenera kuyeza mphamvu yake yeniyeni pogwiritsa ntchito mankhwala ena osasinthasintha, monga potassium hydrogen phthalate, usanapereke kwa ophunzira. Sabata imeneyo ndinapanikizika, ndinatenga botolo lakale, ndinasungunula, ndinamata pepala lonena kuti mphamvu yake ndi 0.100, osayeza. Buku la malangizo linkasonyeza kuti yankho lidzakhala pafupi ndi mamililita 25.0, ndipo ophunzira onse ankadziwa zimenezi, chifukwa a chaka chachiwiri anali atawauza kale.

M'chipindamo munali ophunzira 32, awiriawiri pa ma burette 16. Malipoti atabwera, 13 anali ndi manambala okongola: 24.9, 25.0, 25.1. Awiri anali ndi manambala obalalika a anthu amene dzanja silinakhazikike. Limodzi lokha linali ndi 27.4, 27.3, 27.4. Mtsikana amene analemba limeneli anabwera kwa ine anzake atatuluka, maso atafiira.

"Bambo, ndabwereza kasanu koma zikungobwera zomwezi. Ndikulakwitsa pati?"

Ndinatenga burette yake n'kuyesa ndekha. Ndinapeza 27.4. Ndinatenga ina pa benchi lina, 27.4. Thukuta linandituluka. Nditayeza botolo langa lija ndinapeza kuti mphamvu yake inali pafupifupi 0.091, osati 0.100. Panalibe njira yoti munthu aliyense m'chipinda chija apeze 25.0. Ndinamuuza kuti, "Mwananga, sunalakwitse. Wolakwa ndine, ndipo m'chipinda chonsechi iwe ndi mnzakoyo ndi amene mwalemba zimene mwaona."

A Mkonzi, magulu 13 aja anaona pinki akubwera pa 27 ndi kanthu, anayang'ana m'buku, anayang'ana kwa oyandikana nawo, n'kulemba 25. Sanali ana oipa. Ambiri ndinkawadziwa, anali aulemu ndi akhama. Anangowerenga bwino malamulo a masewerawo. Pepala lochongera linkapereka malikisi onse kwa amene wayandikira 25.0, n'kumachotsa malikisi munthu akamatalikira. Ndikanapanda kupita kwa aphunzitsi kukaulula kulakwa kwanga, mtsikana uja akanapeza malikisi otsikitsitsa m'kalasi chifukwa chonena zoona. Aphunzitsiwo anali munthu wabwino, anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuchonga chiyani?" Funso limenelo ine sindinaliyankhe, ndipo sindikuganiza kuti ankayembekeza yankho.

Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Kuyambira tsiku limenelo lipoti lokongola kwambiri ndinkaliyang'ana kawiri.

Zimenezi sizithera pa titration. M'chaka chachiwiri, ophunzira akayamba organic chemistry, kemisitili ya zinthu zokhala ndi carbon, kawirikawiri amapatsidwa ntchito yopanga aspirin kuchokera ku salicylic acid ndi acetic anhydride. Masamu ake ndi osavuta. Ukayamba ndi magalamu 2.0 a salicylic acid, aspirin wochuluka kwambiri amene ungapeze, zonse zitayenda bwino popanda kutayika ngakhale kambewu kamodzi, ndi magalamu 2.6. Koma mwana amayeza zoyera zake zija n'kupeza 3.1. Chachitika n'chiyani? Sanaumitse bwino, akuyeza madzi pamodzi ndi mankhwala. Limeneli ndi phunziro labwino kwambiri la tsikulo, loposa zonse zimene zili m'buku: sikelo siinama, koma siidziwa chimene waikapo. M'malo moti alembe 3.1 n'kufotokoza chifukwa chake, amafufuta n'kulemba 2.2, kuti ziwoneke ngati za munthu wodziwa ntchito. Aspirin weniweni amasungunuka akatenthedwa kufika pafupifupi madigiri 135. Wa mwanayo amayamba kusungunuka pa 120 n'kumakoka mpaka 130, chizindikiro chakuti muli zosakanikirana, koma m'lipoti mumalowa 135. Ukadonthezapo ferric chloride n'kuona mtundu wofiirira wosonyeza kuti salicylic acid watsalamo, amayang'ana kumbali ngati sanaone.

Ndiye wolemba kalata uja akamati labotale ndi yotaya nthawi chifukwa yankho lili kale m'buku, akunena zoona za labotale imene wapatsidwa. Ngati ntchito ndi kupeza nambala imene aliyense akuidziwa, munthu wanzeru aikopera n'kupita kukawerenga za mayeso. Vuto si kuchuluka kwa maola. Vuto ndi chimene timalipira ndi malikisi m'maolawo.

Anthu ena amaganiza kuti kuphunzitsa kemisitili ndi manja kunakhalapo chikhalire. Ayi. Kale ophunzira ambiri ankangokhala pa mabenchi kuonerera pulofesa akusakaniza zinthu kutsogolo. Amene anatchukitsa njira ina ndi Justus von Liebig, yemwe anafika pa yunivesite ya Giessen ku Germany mu 1824 ali ndi zaka 21 zokha. Iye anaika ophunzira ake pa benchi tsiku ndi tsiku, aliyense akuyeza ndi kusanthula zinthu ndi manja ake, asanaloledwe kuyamba kafukufuku wakewake. M'labotale imeneyo munadutsa August Kekulé, amene mu 1865 anafotokoza kuti maatomu a carbon mu benzene amapanga mkombero, ndi August Wilhelm von Hofmann, amene anapita ku London mu 1845 kukatsogolera sukulu ya kemisitili kumeneko. Wophunzira wa Hofmann, mnyamata wa zaka 18 dzina lake William Perkin, mu 1856 ankayesa kupanga quinine, mankhwala a malungo. Analephera. Chimene chinatsala m'botolo lake chinali phala lakuda lonyansa. Potsuka ndi mowa wa m'labotale anaona mtundu wofiirira ukutuluka, ndipo m'malo motaya anaufufuza. Umenewo unakhala mauveine, utoto umene unayambitsa mafakitale a utoto wopangidwa m'labotale. Ndimadzifunsa kuti Perkin akanakhala m'chipinda changa chija, pansi pa pepala lathu lochongera, akanatani. Ndikukhulupirira akanatsuka botololo msanga n'kulemba kuti wapeza quinine.

Nkhani imene ndinkakonda kuuza ana amene ankatsalira kundithandiza kutsuka ndi ya Lord Rayleigh, wasayansi wa ku Britain. Iye ankayeza kulemera kwa mpweya wa nayitrojeni, ndipo anapeza kuti nayitrojeni wotengedwa mu mpweya umene timapumawu ankalemera pang'ono kuposa wopangidwa kuchokera ku mankhwala. Kusiyanako kunali kochepetsetsa, pafupifupi gawo limodzi pa magawo 200. Wophunzira wanga aliyense akanati sikelo yalakwitsa, n'kusalaza nambalayo. Rayleigh sanatero. Mu 1892 analembera magazini ya Nature kupempha aliyense amene angamuthandize kumvetsa chifukwa chake. Atagwirizana ndi William Ramsay, mu 1894 analengeza kuti mu mpweya muli chinthu china chimene palibe ankachidziwa, argon, chimene ndi pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 a mpweya wonse. Anthu anakhala akuchipuma chiyambire dziko osadziwa. Onse awiri analandira mphoto ya Nobel mu 1904.

Ndisanamizire kuti nthawi zonse buku ndiye lolakwa. Nthawi zambiri wolakwa ndi woyeza, ndipo pali nkhani yotchuka yosonyeza zimenezo. Dmitri Mendeleev wa ku Russia atakonza tebulo lake la ma element, zinthu zoyambirira zimene zimapanga zinthu zina zonse, mu 1869 anasiya mipata, n'kulosera makhalidwe a zinthu zimene zinali zisanapezeke. Mu 1875 Paul-Émile Lecoq de Boisbaudran wa ku France anapeza chimodzi mwa izo, chitsulo chotchedwa gallium, n'kuyeza kulemera kwake poyerekeza ndi madzi, napeza 4.7. Mendeleev anali atalosera pafupifupi 5.9, ndipo anamuuza kuti ayezenso. Taonani chimene Lecoq anachita. Sanafufute 4.7 n'kulembapo 5.9 kuti asangalatse munthu wotchuka. Anabwerera ku benchi, anayeretsa chitsulo chakecho, anayezanso, ndipo 5.9 inabwera yokha. Nambala yoyamba ija inakhalabe m'mabuku, aliyense akhoza kuiona. Mwana wa chaka choyamba akapeza 27 pamene buku likuti 25, njira zoyenera ndi ziwiri zokha, kuyezanso kapena kufunsa za botolo. Ife tinamutsegulira yachitatu n'kuikapo mphoto.

Mwina wina anena kuti ndikukulitsa nkhani ya timanambala ta ana asukulu. Aganizire kaye amene amakhala m'kalasi ya kemisitili ya chaka choyamba. Amene adzakhale akatswiri a kemisitili ndi ochepa. Ambiri ndi odzakhala madokotala, osakaniza ndi kugulitsa mankhwala, alangizi a zaulimi, mainjiniya, aphunzitsi, oyeza magazi m'zipatala. Kwa ambiri mwa iwo iyi ndi labotale yoyamba ndi yomaliza imene wina adzawaphunzitse kulemba zimene aona. Amene amapitiriza, n'kudutsa organic, inorganic, physical ndi analytical chemistry mpaka kukafika pa makina osanthulira zinthu a chromatography ndi spectroscopy m'zaka zomaliza, ndi amene adzasainire kuti madzi awa ndi abwino kumwa, feteleza uyu ali ndi nayitrojeni wochuluka monga zalembedwa pa thumba, m'bulu uwu wa mankhwala uli ndi mphamvu yokwanira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati poizoni wotchedwa arsenic m'madzi akumwa asapitirire mamaikulogalamu 10 pa lita, ndipo fluoride asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita. Tsiku lina munthu amene anaphunzira kulemba 25 ataona 27 adzapeza 1.9, abwana ake ali pakhomo kudikira lipoti loti zonse zili bwino. Dzanja lake lidzachita zimene linazolowera. M'mera m'poyamba.

Izi si zongoganizira. Mu 2012 kunadziwika kuti katswiri wina wa kemisitili pa labotale ya boma ku Boston, m'chigawo cha Massachusetts ku America, dzina lake Annie Dookhan, ankalemba zotsatira za mankhwala ozunguza bongo amene apolisi ankagwira asanawayeze n'komwe, kungowayang'ana ndi maso basi. Ankaoneka wakhama kuposa anzake onse, chifukwa ankamaliza ntchito yambiri. Anavomera mlandu mu 2013 n'kupita kundende, ndipo mu 2017 makhoti a m'chigawocho anathetsa milandu yoposa 21,000 imene umboni wake unadutsa m'manja mwake. Anthu anakhala m'ndende chifukwa cha manambala amene sanachokere ku chiyezo chilichonse. Palinso mankhwala oopsa otchedwa diethylene glycol, amene amafanana maonekedwe ndi madzi otsekemera osungunulira mankhwala a ana. Mu 1937 anapha anthu oposa 100 ku America, ndipo mu 2022 anapezekanso m'mankhwala a chifuwa amene anawagwirizanitsa ndi imfa za ana oposa 60 ku Gambia. Pali chiyezo chimene chimagwira mankhwala amenewa. Chimangofuna munthu woti achichite, ndi kulemba chimene chatuluka.

Ndikudziwa zimene akuluakulu a mayunivesite adzayankhe, chifukwa ndazimva m'misonkhano yambiri ndili pampando wa kumapeto. Adzati ophunzira achuluka, mankhwala ndi okwera mtengo, magalasi akusweka, wothandiza m'labotale ndi mmodzi pa anthu mazana. Zonsezi ndi zoona ndipo ndinazisenza pamsana panga. Ndaonapo ophunzira asanu ndi mmodzi atazungulira burette imodzi: mmodzi akugwira kampopi, wina akulemba, anayi akuyang'ana pa foni. Ndinenenso, ngakhale ena sakonda kuzimva, kuti kawirikawiri wogwira kampopiyo amakhala mnyamata wolongolola kwambiri, ndipo wolembayo amakhala mtsikana, sabata ndi sabata mpaka chaka kutha, ngati palibe wamkulu wowasinthanitsa. Kuchokera mu 2020, matenda a Covid-19 atatseka sukulu, kunabweranso chizolowezi choonetsa vidiyo ya titration kapena kuichita pa kompyuta. Pa nthawi ya mliri inali njira yokhayo, sindikutsutsa. Koma pa kompyuta kathovu sikabisala kunsonga, kampopi sikadontha, botolo silikhala lakale. Zonse zimene zimaphunzitsa munthu kukayikira zimachotsedwamo.

Komabe zimene zinasintha chipinda chathu chija sizinafune ndalama zambiri. Aphunzitsi aja ndi ine tinagwirizana kuti ndizikonza mabotolo a asidi amphamvu zosiyanasiyana, lililonse ndi nambala yake, mphamvu yake yeniyeni n'kuilemba m'kabuku kamene ndinkasunga m'thumba. Wa botolo 7 sangakopere kwa wa botolo 12, ndipo wa chaka chachiwiri alibe choti amuuze. Ntchito yanga inawonjezeka ndi ola limodzi pa sabata. Tinaletsa pensulo ndi mapepala apadera. Aliyense azilemba ndi cholembera cha inki m'buku losokedwa, nambala ilowe nthawi yomweyo imene yawerengedwa, ukalakwitsa udule ndi mzere umodzi kuti yakaleyo izionekabe, ndipo ine ndizisaina tsambalo munthu asanatuluke. Chachikulu chinali pa malikisi. Gawo lina linatsalabe la kuyandikira yankho loona, chifukwa luso la manja liyenera kuyesedwa ndithu. Koma gawo lalikulu linapita ku kufotokoza: wapeza chiyani, ukuchikhulupirira mpaka pati, ngati chikuoneka chachilendo ukuganiza kuti chachitika n'chiyani, ndipo ungayeze bwanji kuti utsimikize. Wolemba kuti aspirin wake walemera magalamu 3.1 chifukwa sanaume, ndipo akadakhala ndi nthawi akanaumitsanso n'kuyezanso mpaka nambala itasiya kutsika, ankapeza malikisi ambiri kuposa wolemba 2.2 wopanda mawu.

Masabata oyamba anatida. Ena anakadandaula kuti tikuwazunza, kuti anzawo a zaka zam'mbuyo sanavutike chonchi. Malipoti anayamba kuoneka onyansa, odzaza mizere yodula ndi madontho a mankhwala. Koma kunayamba kumveka phokoso limene ndinali ndisanalimvepo m'chipindamo, la ana akukangana za chifukwa chake manambala awo sakugwirizana. Wina ankabwera kudzandifunsa kuti, "Bambo, pipette iyi ndi yoona? Ndikufuna ndiyeze madzi ake pa sikelo." Ndinkamupatsa sikelo mosangalala. Pa ma pipette athu panapezekadi awiri obenthuka kunsonga, amene anakhala akunamiza anthu kwa zaka.

Za kuchepa kwa mankhwala, pali njira imene mayunivesite ambiri akugwiritsa ntchito yochepetsa miyeso, kugwira ntchito ndi madontho ndi timabotolo ting'onoting'ono m'malo mwa malita. Zotayidwa zimachepa, ngozi imachepa, ndipo mankhwala amene ankakwanira anthu khumi amakwanira kalasi yonse. Kugawa kalasi kuti aliyense agwire kampopi kamodzi pa masabata awiri n'kwabwino kuposa kuti aonerere sabata iliyonse.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikugwirizana ndi wolemba kalata uja popanda kutsutsa, ngakhale iye anachitchula mongodutsa: ambiri amagwa kemisitili chifukwa cha masamu. Mwana amafika akudziwa kuloweza kuti mole imodzi, muyeso wowerengera tinthu ting'onoting'ono ta mankhwala, ili ndi tinthu 6.022 × 10²³, koma ukamufunsa kuti asungunule magalamu angati a sodium hydroxide kuti apange theka la lita la mphamvu ya 0.1, amaima. Yankho ndi magalamu awiri, ndipo ndi kuchulukitsa chabe. Amadziwa kuti pa pH, muyeso wa kuchuluka kwa asidi, 7 ndi pakati, koma sadziwa kuti muyeso umenewu, umene Søren Sørensen anauyambitsa mu 1909 ku Copenhagen, umayenda ndi ma logarithm, moti madzi a pH 3 ali ndi asidi wochuluka kakhumi kuposa a pH 4, osati pang'ono chabe. Akafika ku physical chemistry, kumene liwiro la kusintha kwa zinthu limafuna calculus, amangoloweza mizere ngati nyimbo ya chilankhulo chachilendo. Makalasi owonjezera a masamu m'chaka choyamba ndi ofunikadi. Koma asatengedwe pa maola a labotale, chifukwa ine ndaona ana ambiri akumvetsa mole koyamba ataima pa sikelo, kasupuni m'manja, akuchotsa timibulu tiwiri kuti nambala ifike.

Ndipo pali zina zimene munthu sangaziphunzire pampando, zokhudza moyo wake womwe. Kuti asidi wamphamvu amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi, aliyense amayankha bwino pa mayeso. Amene anagwirapo botolo n'kumva mmene likutenthera m'manja ndi amene saiwala. Magolovesi nawonso si onse amene amateteza ku chilichonse. Karen Wetterhahn, pulofesa wa pa Dartmouth College ku America, katswiri weniweni wa zitsulo zapoizoni, mu 1996 anadonthezera timadontho tochepa ta dimethylmercury pa golovesi yake ya latex. Anatsatira malamulo onse amene ankadziwika pa nthawiyo. Mankhwalawo anadutsa golovesiyo m'masekondi ochepa, ndipo anamwalira mu 1997. Nkhani imeneyi ndinkaiuza gulu lililonse tsiku loyamba, ndipo tsiku limenelo lokha palibe amene ankaiwala magalasi oteteza maso. Pofika sabata yachitatu ndinkayambanso kukuwa.

Mtsikana wa 27.4 uja anamaliza digiri yake. Sanali woyamba m'kalasi, ndipo pa mayeso olemba ankapeza zapakatikati. Patapita zaka anabwera kudzandiona, akugwira ntchito yoyeza mankhwala asanatulutsidwe pa fakitale ina. Anandiuza kuti anakanapo kusainira katundu wa tsiku lonse chifukwa nambala inapitirira malire pang'ono, ndipo abwana ake sanamulankhule kwa sabata. Ndinamufunsa ngati sanaope kuchotsedwa ntchito. Anaseka n'kunena kuti, "Ndinaopa, bambo. Koma ndinayeza kasanu."

Kwa amene amakonza maphunzirowa, pempho langa ndi lakuti mutenge mapepala anu ochongera ntchito ya m'labotale, muwawerenge ngati ndinu mwana wa zaka 19 amene akuopa kugwa, ndipo mudzifunse kuti njira yachidule yopezera malikisi onse ndi iti. Mukafuna kudziwa mmene zinthu zilili, chitani dala zimene ine ndinachita mwangozi: sabata imodzi sinthani mphamvu ya botolo osauza aliyense, kenako muwerenge malipoti.

Ndipo kwa iwe mwana wanga amene unalemba kalata ija, sabata ya mawa ukalowa m'labotale usathamangire ku benchi. Yang'ana kaye pepala lomatidwa pa botolo la sodium hydroxide. Ngati palibe tsiku limene anayeza mphamvu yake, pita kwa munthu amene waima kumbuyo pafupi ndi sinki uja, umupatse moni, umufunse kuti botololo analiyeza liti.

Ine wanu,
Wowerenga, yemwe kale anali wothandiza m'labotale